Njala ya mkazi m'ndakatulo za ku Ireland

Dziko la Ireland njala limaidziwa. Pakati pa 1845 ndi 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa mbatata za kachewere zitaola m'minda. Koma njala imene Eavan Boland analemba m'ndakatulo ya "Anorexic", m'buku lake la In Her Own Image la mu 1980, ndi ina: chakudya chilipo, mkazi ndiye akuchikana.

Luso la Boland lagona pa munthu amene anamupatsa mawu. Sitimva dokotala, sitimva mayi akulira pambali pa bedi. Wodwalayo akudzilankhulira yekha, ndipo akulankhula ngati mlaliki pa guwa: za tchimo, za chiyero, za chilango choyenera thupi lake. Kuwonda kwakeko akukunyadira. Akufuna achepe mpaka abwerere m'nthiti ya Adamu mmene Hava anachokera, ngati kuti kubadwa mkazi ndiko kunali kulakwa. Mizere yake ndi yaifupi, ndime zambiri n'za mizere itatu, moti ndakatuloyo imaoneka yowonda papepala pomwe. Womutsutsa palibe. Ntchito imeneyo Boland anamusiyira wowerenga, n'chifukwa chake ndakatuloyi imapweteka chonchi.

Mawu oterewa mtsikana wa ku Ireland sankachita kuwafuna patali. Agogo ake ankasala kudya kuyambira pakati pa usiku asanalandire Ukaristia, ndipo mpaka lero anthu amapita ku Lough Derg kukasala masiku atatu.

Victoria Kennefick, m'buku la Eat or We Both Starve la mu 2021, anabwerera kwa akazi oyera a Mpingo, monga Catherine wa ku Siena amene anamwalira mu 1380 ali ndi zaka 33 atadzimana chakudya nthawi yaitali. Amawaonetsa ali ndi pakamwa ndi m'mimba ngati ife tomwe.

Pali choopsa chimodzi chimene sindingachibise. Mizere yosalala bwino ikhoza kuwakongoletsa matenda, ndipo ndakatulo ya Boland imayenda m'mphepete mwenimweni mwa phompho limeneli. Apa m'pamene Leanne O'Sullivan afunikira. Buku lake la Waiting for My Clothes la mu 2004 limatsata mtsikana m'kudwala, polandira chithandizo, mpaka kuchira pang'onopang'ono. Anorexia, kukana chakudya kumeneku, ndi matenda akupha. Aphunzitsi opatsa atsikana ndakatulo ya Boland aziwapatsanso buku la O'Sullivan.