Mabokosi asanu ndi awiri a ku Texas

Pa malo oponyera voti ku Texas pamakhala pepala limodzi limene ovota ambiri salikhudza n'komwe. Limapatsidwa kwa munthu amene dzina lake lili m'kaundula koma alibe chiphaso chokhala ndi chithunzi. Amalitcha Reasonable Impediment Declaration, ndiye kuti chikalata cholumbirirapo kuti pali chopinga chomveka chimene chakulepheretsa kupeza chiphasocho. Ndi pepala lalifupi, koma linabadwa movutikira.

Mu 2011 bwanamkubwa Rick Perry anasaina lamulo la SB 14, lolamula kuti wovota aonetse chimodzi mwa ziphaso zochepa zimene boma linasankha. Laisensi yoyendetsera galimoto inalipo, pasipoti inalipo, chiphaso cha usilikali, ngakhalenso chilolezo chonyamulira mfuti. Chiphaso cha wophunzira wa pa yunivesite ya boma sichinalowemo. Khoti lina ku Washington linaimitsa lamuloli mu 2012, koma pa 25 June 2013 khoti lalikulu la dziko la America, pa mlandu wa Shelby County v. Holder, linamasula madera ngati Texas kuti asamapemphenso chilolezo asanasinthe malamulo a chisankho. Tsiku lomwelo Texas inalengeza kuti lamulo lija liyamba kugwira ntchito. Mu 2014 jaji Nelva Gonzales Ramos wa ku Corpus Christi anapeza kuti anthu pafupifupi 600,000 olembetsa kale analibe ziphasozo, ndipo mu 2016 khoti la apilo linavomereza kuti lamuloli limapweteka kwambiri anthu akuda ndi a mtundu wa Latino. Pepala lathuli linatuluka m'menemo.

Mawu onyamula katundu yense ndi akuti "chomveka". Chomveka kwa yani? Apa lamulo linachita bwino, ndipo ndiliyamikire: woyang'anira chisankho saloledwa kufunsa ngati chifukwa chako chili chomveka kapena ayi. Ukasaina, n'kuonetsa bilu ya magetsi, pepala la ku banki kapena la malipiro lokhala ndi dzina lako, umavota ngati wina aliyense. Palibe kukuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Koma ufulu umene mawu amenewo apereka, mabokosi ali pansi pake akuubweza. Alipo asanu ndi awiri. Kusowa mayendedwe, kudwala kapena ulumali, kusowa chikalata cha kubadwa, nthawi ya ntchito, udindo wa pabanja, chiphaso chotayika kapena chobedwa, ndi chiphaso chimene unafunsira koma sichinatuluke. Kuwerenga mndandandawu kuli ngati kuona boma likuvomera pamaso pa anthu zimene linkakana kukhoti. Bokosi loyambalo likunena za munthu wopanda galimoto m'dera la maboma aang'ono 254, ena mwa iwo opanda ofesi yoperekera ziphaso. La chikalata cha kubadwa likunena za gogo wobadwira pakhomo, m'manja mwa mzamba, kalekale zipatala zikadasankha khungu. Aliyense amene anaimapo pa mzere wa chiphaso cha unzika kuno kwathu, kuti alembetse nawo chisankho cha 2025, bokosi lomalizalo alimva msanga.

Chimene chikundivuta n'chakuti mawu akuti ndalama sakupezeka paliponse. Umphawi ukununkha m'mabokosi onse, koma ulibe bokosi lakelake. Mayi amene basi imadutsa pakhomo pake koma ndalama yokwerera alibe, kodi wasowa mayendedwe? Bambo amene bwana wake sangamukanize kuchoka, koma akajomba tsiku limodzi lendi siikwana, kodi chamutsekereza ndi nthawi ya ntchito? Munthu wodziwa malamulo angayankhe kuti inde mosazengereza. Woima pa tebulo paja si loya.

Ndipo pepalali silimusiya aganize momasuka, pakuti limamuchenjeza kuti kunama dala pamenepa ndi mlandu. Mawu akuti dala ndi otchinjiriza wolakwitsa mosadziwa, n'zoona. Koma diso la munthu wamantha limathamangira pa mlandu, osati pa dala.

Poyamba panali bokosi lachisanu ndi chitatu. Pa chisankho cha November 2016, pepala limene khoti linalamula linali ndi malo akuti chifukwa china, ndi mzere wosalembedwa poti munthu afotokoze yekha. Ena ochepa analembapo mawu odzudzula lamulolo, ndipo aphungu a ku Texas atakhazikitsa lamulo la SB 5 mu 2017, mzerewo anauchotsa. Jaji Ramos anakana kusinthaku, koma khoti la apilo linakuloleza mu 2018.

Kwa ine mzere umenewo unali mtima wa pepala lonse. Ndi pokhapo pamene boma linkavomera kuti silidziwa mavuto onse a anthu ake, n'kumusiyira munthu cholembera kuti alankhule. Pochotsa mzerewo, "chomveka" chinasiya kutanthauza chimene munthu woganiza bwino angachimvetse, chinayamba kutanthauza chimene aphungu anachiganizira kale. Amene vuto lake silinawafike m'mutu aphunguwo amatsala ndi voti yongoyembekezera, imene imawerengedwa pokhapokha akapita ku ofesi ya kaundula m'masiku asanu ndi limodzi, atanyamula chiphaso chomwe chija alibe.