Mpango unachoka, mpango unabwerera: kuunika buku la Leila Ahmed

Mu 1956, katswiri wa mbiri ya Aarabu, Albert Hourani, analemba m'magazini ya bungwe la UNESCO kuti chophimba cha akazi achisilamu chikutha, ndipo chidzangotsalira m'madera amene iye ankawaona ngati otsalira. Patangopita zaka makumi awiri, atsikana a m'mayunivesite a ku Cairo anali atayamba kuvala mipango ndi mikanjo yaitali. Kuphonya kwa ulosi umenewu ndiko maziko a buku la Leila Ahmed lotchedwa A Quiet Revolution, lomwe linatuluka mu 2011. Ahmed anabadwira ku Cairo mu 1940, ndipo anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Harvard mu 1999. Funso lake ndi limodzi: chovala chimene ambiri ankati chapita chinabwerera bwanji?

Gawo loyamba la bukuli ndi lomwe lili ndi phindu lalikulu kwa wophunzira mbiri. Ahmed akutibwezera ku 1899, pomwe Qasim Amin anatulutsa buku lake la Tahrir al-Mar'a lolimbikitsa kuti akazi asiye kuphimba nkhope. Pa nthawiyo Egypt inali m'manja mwa Angerezi, ndipo Lord Cromer, amene anali ndi mphamvu zolamulira dzikolo kuyambira 1883 mpaka 1907, ankati kavalidwe ka akazi ndi umboni wa kutsalira kwa Chisilamu. Chodabwitsa n'chakuti Cromer yemweyo, atabwerera kwawo, anatsogolera gulu lokana kuti akazi a ku Britain aziponya voti. Apa wolemba akuonetsa bwino kuti mkangano wa kavalidwe sunali wa nsalu yokha. Kuvula chophimba kunasanduka chizindikiro cha kutukuka, ndipo mabanja olemera a m'mizinda ndiwo anayamba. Mu 1923 Huda Shaarawi anavula chophimba kunkhope pa siteshoni ya sitima ku Cairo akuchokera ku msonkhano wa amayi ku Rome. Pofika m'nthawi ya Gamal Abdel Nasser, akazi ambiri a m'tauni ankayenda mutu uli poyera, ndi madiresi osokedwa monga a ku Ulaya. Ahmed, amene anakula m'nthawi imeneyo, akuchitira umboni kuti ambiri mwa iwo ankadziona ngati Asilamu okhulupirira.

Kenako bukuli likufotokoza za kubwerera kwa chophimba m'zaka za m'ma 1970. Zifukwa zomwe akutchula ndi zomveka: kugonja kwa Aarabu pa nkhondo ya 1967, kumasulidwa kwa a Ikhwan al-Muslimin m'ndende pansi pa Anwar Sadat, chuma cha mafuta chomwe chinakwera mu 1973, komanso anthu a ku Egypt amene anakagwira ntchito ku Saudi Arabia n'kubwerako ndi kavalidwe ka kumeneko. Mfundo yofunika kwambiri pano ndi yakuti chovala chimene chinabwera sichinali chakale chija. Chinali chatsopano: mkanjo wotakasuka wamtundu wosawala ndi mpango wophimba mutu ndi khosi, wovalidwa ndi atsikana ophunzira zaudokotala ndi zaumisiri. Kafukufuku amene Ahmed akudalira akuonetsanso kuti akazi ogwira ntchito anapeza ulemu m'chovalachi pokwera mabasi odzaza ndi pokhala m'maofesi, ndipo chinawapulumutsa ku mpikisano wa zovala zodula.

Gawo lachiwiri likupita ku America, komwe wolemba anakhala nawo pa misonkhano ya mabungwe a Asilamu. Iye anayamba kafukufuku wake ali ndi nkhawa poona hijab ikuchuluka, koma anamaliza atapeza kuti ambiri mwa akazi ovala hijab ndiwo anali patsogolo pomenyera chilungamo ndi ufulu wa amayi m'misikiti. Kulola kuti umboni usinthe maganizo ake ndi khalidwe labwino la wofufuza, ndipo ophunzira athu atengerepo phunziro.

Koma bukuli lili ndi chilema chimene mphunzitsi wa Fiqh sangachilambalale. Ahmed wamangiriza kwambiri hijab ku magulu a ndale za Chisilamu, moti wowerenga wosachenjera angatseke bukuli akuganiza kuti kudziphimba kunabadwa ndi gulu la Ikhwan lomwe Hasan al-Banna anayambitsa mu 1928. Chikhalirecho lamulo la kavalidwe lili mu Qur'an yolemekezeka, mu Surat an-Nur ndime 31 ndi Surat al-Ahzab ndime 59, ndipo Tafsir ya Imam at-Tabari, amene anamwalira mu 923, yasunga kale maganizo a maswahaba ndi ophunzira awo pa zomwe mkazi angaonetse. Ma Ulama anagwirizana pa kuphimba tsitsi ndi thupi, ndipo anasiyana pa nkhope ndi zikhato. Ambiri a madh'hab a Hanafi ndi Maliki sanaziike m'gulu la awrah, pomwe mu madh'hab a Shafi'i ndi Hanbali muli maganizo onse awiri. Popanda kusiyanitsa kumeneku, mbiri yomwe bukuli likufotokoza imasokonekera, chifukwa chimene Qasim Amin ankatsutsa kwenikweni chinali kuphimba nkhope ndi kutsekera akazi m'nyumba, pomwe chimene chinafala m'ma 1970 chinali kuphimba mutu. N'zoona kuti Ahmed walemba mbiri osati Fiqh, komabe wolemba mbiri ya chovala chachipembedzo ayenera kumvetsera bwino chifukwa chimene ochivalawo amapereka.

Chilema chachiwiri ndi kuchepa kwa malo. Egypt ndi America sizikwanira kuimira Asilamu onse. Ku Iran boma la Reza Shah linaletsa chophimba mu 1936, ndipo boma lina linachikakamiza ndi lamulo mu 1983. Asilamu a kummwera kwa chipululu cha Sahara sakuoneka m'nkhaniyi, pamene amayi a kugombe la kummawa kwa Africa ali ndi mbiri yawoyawo ya kanga ndi buibui. Msika nawo sunapatsidwe malo okwanira, ngakhale tikhululuke poti zambiri zachitika bukuli litatuluka kale. Mu 2016 kampani ya Dolce & Gabbana inatulutsa ma abaya ake, ndipo mu 2017 Nike inalengeza za hijab ya othamanga. Chovala chimene atsikana a ku Cairo anathawiramo pokana mpikisano wa fashoni tsopano chili ndi mpikisano wakewake.

Nanga mphunzitsi aligwiritse ntchito bwanji bukuli? Lithandiza kuphunzitsa kusiyana kwa lamulo ndi chizolowezi. Shariah inaika zofunika: chovala chiphimbe malo oyenera, chisaonekere mkati, chisathine. Sinalamule mtundu umodzi wa nsalu kapena kasokedwe ka dziko limodzi, ndipo ma Ulama a Fiqh amalemekeza urf, chizolowezi cha anthu, pamene sichikuwombana ndi lamulo. Mayi wa ku Mangochi amene wadziphimba mokwanira ndi chitenje ndi mpango wakwaniritsa zomwe wa abaya yakuda wakwaniritsa. Wophunzira amene sadziwa mbiri amatenga kavalidwe ka m'nthawi yake ngati chipembedzo chenicheni n'kuyamba kunyoza agogo ake, ndipo wosadziwa Fiqh amatenga lamulo la Allah ngati fashoni yomwe ikhoza kutha chaka chamawa. Buku la Ahmed limachiza matenda oyambawo. Pa achiwiriwo, liwerengedwe limodzi ndi mabuku a Tafsir ndi Fiqh, pamaso pa mphunzitsi. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.