Dzuwa lapambana, nanga nkhope zili kuti?

Sabata ino ndakatulo zipume kaye, tikambe za zithunzi, poti nazonso zimakamba nkhani.

Loweruka lapitali ndinakaonerera mpikisano wa kalabu ina ya ojambula kuno ku Blantyre. Unali waung'ono ndithu: holo yobwereka, zithunzi zomata pa mabolodi, majaji atatu. Lamulo lolimba linali limodzi, lakuti chithunzi chibwere chotsukidwa, chili pa pepala. Zoonetsa pa foni ayi.

Chomwe chinatenga nambala wani mwina mwachiona kale m'maganizo mwanu. Dzuwa likulowa ku Cape Maclear, madzi ali psuu, msodzi ali m'bwato, iye wakuda bii ngati mthunzi. Chachiwiri chinali phiri la Mulanje, othyola tiyi akuoneka patali ngati nyerere. Chachitatu nkhwazi yafumbata nsomba. Zokongola zonse, sindikukana. Koma taonani, pa zithunzi zitatu zopambana panalibe nkhope ya munthu ngakhale imodzi.

Pakona pafupi ndi chitseko panali chithunzi chomwe sichinapate kanthu. Mayi ali pa chigayo, wangotula thumba, ufa wamuyeretsa nsidze ndi mikono. Kuwala kukulowera pakhomo n'kugwa mbali imodzi ya nkhope. Thukuta likuoneka, mitsempha ya pakhosi ikuoneka, ndipo maso ake akuyang'ana wojambula ngati akufunsa kuti, "Mwatha kodi? Ine ndili ndi ntchito." Jaji wina anati kumbuyo kwadzaza zinthu zambiri, malamba a injini, zidebe, ana. Inde kwadzaza. Kodi munaonapo chigayo chopanda zidebe?

Ndikuti majaji analakwitsa, ndipo chifukwa changa si chifundo pa mayiyo. Nkhani ndi luso. Mukaloza kamera ku dzuwa, iyo imaona kuwala kwachuluka n'kuchepetsa yokha. Thambo limatuluka bwino, munthu amada. Msodzi uja anasanduka mthunzi popanda wojambula kuvutika, ngakhale foni yanuyo ikhoza kutero madzulo ano. Koma kutulutsa khungu lakuda pa pepala, lioneke pomwe lawala, pomwe ladera, pomwe pali chipsera, imeneyo ndiye ntchito. Galasi la foni limatulutsa kuwala kwake, n'chifukwa chake nkhope imaoneka bwino m'manja mwanu. Pepala lilibe nyali, limangobweza kuwala kwa m'chipinda. Mukalakwitsa pang'ono poyeza kuwala kapena potsuka, nkhope yonse imamira, kutsala mano ndi maso basi. Amene munatsukitsapo zithunzi za ukwati mukudziwa: diresi la mkwatibwi lili mbee, mkwati sakudziwika.

Vutoli lili ndi mbiri. Kuyambira zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi kadi yoyezera mitundu, yomwe inkatchedwa Shirley. Pa kadiyo panali mzimayi wachizungu. Makina akatulutsa bwino khungu lake, ankati zonse zili bwino. Lorna Roth wa ku Canada, yemwe analemba za nkhaniyi mu 2009, anafotokoza kuti ena mwa omwe anakankha kampaniyi kuti ikonze filimu yake anali opanga mipando yamatabwa ndi opanga chokoleti, podandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pa zithunzi. Tangoganizani, chokoleti kumveka msanga kuposa munthu. Kadi yokhala ndi akazi a khungu losiyanasiyana inadzabwera m'zaka za m'ma 1990.

Ndiye mpikisano wa zithunzi zotsuka kwathu kuno ukalephera kufunsa kuti, "Kodi nkhopeyi yatuluka?" ndiye kuti ukuyezabe ndi kadi ya eni ake.

Wina anena kuti zipangizo zathu n'zoperewera. Pitani ku Bamako, m'dziko la Mali. Seydou Keïta anatsegula situdiyo yake mu 1948, ndipo zithunzi zambiri ankajambulira pabwalo, ndi kuwala kwa dzuwa, nsalu atapachika kumbuyo. Malick Sidibé ankazungulira m'madansi a achinyamata usiku, kenako n'kukatsuka zithunzi kuti eni ake adzasankhe zogula. Chithunzi chake chotchuka cha 1963, Nuit de Noël, ndi mnyamata ndi mtsikana akuvina, mitu itayandikana, mtsikanayo alibe nsapato. Mulibe phiri, mulibe nyanja. Mu 2007 Sidibé analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Anthu awiriwa ankajambula makasitomala oti akapanda kudzizindikira pa pepala salipira. Jaji woposa ameneyo palibe.

Chondidetsa nkhawa ndi ichi. Mu holo muja munali achinyamata ambiri, ena angogula kumene kamera yakaunjika. Aphunzira chiyani? Aphunzira kuti mphoto ili kunyanja, dzuwa likamalowa, munthu atatembenukira uko. Chaka chamawa mabolodi adzadzaza madzuwa. Wojambula wa chigayo uja ndinamuona akumatula chithunzi chake mwakachetechete n'kuchilowetsa mu envulopu. Kaya adzabweranso.

Kwa akalabu, pempho langa n'laling'ono. Pitirizani lamulo la pepala, ndi labwino zedi, chifukwa pepala silibisa ulesi. Koma jaji aziima pafupi ndi chithunzi, ayang'ane m'malo mwakuda ngati muli moyo, asanathamangire kuyamikira thambo. Ndipo azinena poyera chifukwa chomwe chithunzi chagwera, kuti wogwayo atolepo kanthu.

Tisawaseke ojambula, nafenso alembi matendawa tili nawo. Werengani ndakatulo zomwe timaponya muno. Nyanja yonyezimira, mapiri ataliatali, "mayi wa ku Africa" wopanda dzina, wopanda mudzi, wopanda ngongole ya kuchigayo. Ameneyo ndi msodzi uja, mthunzi chabe. Kulemba dzuwa n'kosavuta poti dzuwa silingakutsutseni. Munthu ndiye amatha kunena kuti, "Ameneyu si ine."

Tsegulani chikwama kapena alubamu ya kwanu, mutulutse chithunzi chimodzi chomwe simungalole kuti chitayike. Mundiuze, pali dzuwa kapena pali nkhope?