Miyala ndi Makuti: Mmene Ilha de Moçambique Imafotokozedwera kwa Alendo

Pamene bungwe la UNESCO linkaika Ilha de Moçambique m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse m'chaka cha 1991, zifukwa zake zinatsamira pa zinthu ziwiri: kamangidwe ka nyumba, ndiponso njira ya panyanja imene Apwitikizi ankadzera popita ku India. Ulendo wa mlendo pachilumbachi umalondola maganizo omwewo. Amayambira kumpoto, ku linga la São Sebastião lomwe linayamba kumangidwa mu 1558, n'kuona katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, kenaka n'kukajambulitsa pa chipilala cha Vasco da Gama. Zomangidwazi n'zogometsa ndithu, ndipo sitikuzinyoza ayi.

Dandaulo lathu lagona pa maina. Chilumbachi chimagawidwa pawiri: Cidade de Pedra e Cal, mzinda wa miyala ndi laimu, ndi Cidade de Macuti, mzinda wa madenga a masamba a kokonati. Wophunzira za chiyankhulo aonetsetse kuti maina onse awiri akutchula zomangira, osati omanga. Komatu nyumba zambiri za ku Macuti zili motsika kuposa msewu, m'maenje momwe munkakumbidwa miyala yomangira mzinda winawo. Tinganene kuti mzinda wa miyala unafukulidwa pansi pa mapazi a anthu a ku Macuti, koma dzina lawapatsa masamba okha. Anthu ochuluka a pachilumbachi amakhala kumeneko ndipo amayankhula Enahara, nthambi ya Chimakhuwa, pamene mlendo amamva mbiri yawo m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi.

Nkhaniyi ikutikhudza ife akumtunda. Edward Alpers, m'buku lake la 1975 lotchedwa Ivory and Slaves in East Central Africa, anaonetsa mmene amalonda Achiyao ankatengera minyanga ya njovu ndi akapolo kuchokera m'madera ozungulira Nyanja ya Malawi mpaka kugombeli. Mu 1794 chombo cha São José Paquete d'Africa chinanyamuka pachilumbachi ndi akapolo pafupifupi 500 kulunjika ku Brazil, n'kukamira pafupi ndi Cape Town. Lero kuli kamunda ka Jardim da Memória kokumbukira malonda a akapolowa, ndipo okakonza ayenera kuyamikiridwa. Koma poyerekeza ndi linga lija kamundako n'kakang'ono zedi, moti mlendo wa tsiku limodzi akhoza kuwoloka mlatho kubwerera kumtunda asanakaone.