Kompyuta Yolosera Khungu: Kodi Ifika kwa Ife?

Kwamveka mbiri yakuti makompyuta ophunzitsidwa, amene akutchedwa AI, adzatha kulosera ndi kuletsa khungu lodza chifukwa cha kumatuka kwa retina. Retina ndi kachikopa kopyapyala koyalidwa m'kati mwa diso, chakumbuyo, ndipo ndiko kamalandira kuwala. Kakang'ambika, madzi a m'diso amalowa pansi pake nakamatula, monga chinyontho chimatulira pulasitala pakhoma. Dokotala Jules Gonin wa ku Lausanne ndiye anaonetsa, m'zaka za m'ma 1920, kuti kutseka kabowoko ndiko kuchiza.

Luso la makinawa sitilikana. Mu 2018, a DeepMind pamodzi ndi chipatala cha Moorfields ku London anaonetsa kompyuta yozindikira matenda a maso oposa 50 pa zithunzi, molingana ndi akatswiri. Koma mawu akuti "kuletsa" awakometsa mopyola muyeso. Kompyuta simata diso. Imangoloza kuti apa pali vuto. Ndiponso kung'ambikako kumakonda kuyambira m'mphepete mwa retina, kumene kamera wamba safikako.

Tiphunzirepo pa zimene zinaoneka ku Thailand mu 2018 ndi 2019, pamene a Google anayesa makina oterewa pa odwala shuga m'zipatala 11. Mwa zithunzi zisanu zilizonse, chimodzi makinawo ankachikana, kawirikawiri chifukwa cha kuwala kosayenera m'chipinda, ndipo intaneti yochedwa inkatalikitsa mzere wa odwala.

Tsono, owerenga okondedwa, taganizani za mayi wothyola tiyi ku Muloza. Tinene kuti makina afika pa chipatala cha boma ku Mulanje, ndipo amuuza kuti diso lake lili pangozi. Chotsatira n'chiyani? Ayenera kupita ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, ku Gulupu, ku Blantyre, ulendo wa makilomita oposa 60 kuchokera pa boma. Afune ndalama ya minibasi, yake ndi ya womuperekeza, asiye ana, ataye malipiro a masiku angapo. Pamene akusonkhanitsa zonsezi, diso silidikira: retina ikamatuka mpaka pakati, ngakhale opaleshoni yabwino kawirikawiri sibwezeretsa kuona monga kale. Za ulendo umenewu otamanda makina sanenapo kanthu, ndipo apa ndi pamene mbiri yawo yaperewera.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kulosera kumene tili nako kale ndi kwa diso lenilenilo: kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda tochuluka mwadzidzidzi ngati ntchentche, kapena mdima wolowa cham'mbali ngati chinsalu. Nthendayi sipweteka, n'chifukwa chake ambiri amazengereza, ena nkumathira mankhwala a zitsamba m'maso. Osaona patali, amene anavulalapo diso, ndi amene anachotsedwa ng'ala ndiwo ayenera kuchenjera koposa. Woona zizindikirozi apite ku chipatala tsiku lomwelo, asadikire malipiro a pamwezi.