Kubweza Mau Osindikizidwa: Mlandu wa The Lancet

Pa Chichewa timati munthu wabweza mau pamene wavomera pamaso pa anthu kuti zimene ananena zija sizinali zoona. Magazini a akatswiri nawonso ali ndi mwambo wotero, koma iwo safafaniza monga tichitira ife pa bolodi. Nkhaniyo ikhala pomwepo, akonzi naidinda chizindikiro chakuti yabwezedwa, nalembanso chifukwa chake. Mwambowo ngwabwino ndithu. Chimene tiyenera kuyesa ndicho m'mene akonzi ena anausungira.

Mu February 1998 magazini ya madokotala ya ku London, The Lancet, inasindikiza nkhani ya Andrew Wakefield ndi anzake 12. Iwo anapima ana 12 okha, naganizira kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella, mwina ndiye anayambitsa matenda a m'matumbo pamodzi ndi autism, vuto limene lichititsa mwana kuvutika polankhula ndi pocheza ndi anzake. Tsono taonani ichi, inu aphunzitsi a mawa: nkhaniyo inavomera yokha kuti sinatsimikize kanthu za katemerayo. Koma pa msonkhano wa atolankhani Wakefield analangiza kuti katemera wophatikizayo ayambe waleka, ndipo mau amenewo ndiwo anafika m'makutu a makolo. Podzafika 2003, ana olandira katemerayu ku England anali pafupifupi 80 mwa 100 alionse, pamene kale anali oposa 90.

Mu 2004 mtolankhani Brian Deer anaulula kuti Wakefield analandira ndalama kudzera mwa maloya amene anali kukonza zozenga mlandu makampani opanga katemerayo. Pamenepo olemba 10 mwa 13 aja anakana tanthauzo limene nkhaniyo inapereka, koma akonzi anaisiya nkhani yeniyeniyo ili chiimire. Apa ndi pamene ndiwadzudzula koposa. Kubweza theka la mau kusokoneza wowerenga wamba, pakuti iye sadziwa mzere woukhulupirira ndi mzere woutaya. Angoona dzina la magazini yomveka, nakhazikika mtima. Ena adzati akonzi sali oweruza milandu, ndipo anayenera kudikira bwalo. Pamenepo pali nzeru, sindikana, chifukwa kubweza nkhani mopupuluma kungaononge mbiri ya wosalakwa. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo pamene iwo anali kudikira, mu 2008 akulu a zaumoyo analengeza kuti chikuku chakhazikikanso ku England ndi ku Wales.

Bungwe loyang'anira madokotala, General Medical Council, linagamula mu January 2010 kuti Wakefield anachita zachinyengo, ndipo pa 2 February chaka chomwecho The Lancet inabweza nkhani yonse, patapita zaka 12. Chidziwitso chake chinali cha mizere yowerengeka chabe. Chinatchula zifukwa ziwiri: kuti ana aja sanasankhidwe m'njira imene nkhaniyo inanena, ndi kuti chilolezo chowapima chimene olemba anati anali nacho chinapezeka chabodza. Za kholo limene linamana mwana wake katemera, ndi chimene liyenera kuchita tsopano, chidziwitsocho sichinanene kanthu. Chinalembedwa m'chilankhulo cha madokotala, cholinga kwa madokotala anzawo, pamene chiphunzitso cholakwikacho chinali chitalowa kale m'manyuzipepala ndi m'nyumba za anthu. Mu May 2010 dzina la Wakefield linachotsedwa m'kaundula wa madokotala a ku Britain.