Wagulidwa ndi Ndani? Pa Zingati? Nanga Kodi Akasewera?

Caka ciliconse m'mwezi wa January, ndiponso kuyambira June kufikira August, pamene makalabu a ku Ulaya amaloledwa kugula ndi kugulitsa osewera, ife okonda mpira timasanduka akatswiri. M'minibasi, pamalo ometera tsitsi, pa wailesi ndi m'magulu athu a acinyamata, nkhani imakhala imodzimodzi: uje akupita ku timu yakuti, ndipo agulidwa pa ndalama zakuti. Munthu amene sanapondepo ngakhale pa bwalo la Nkoloma amadziwa bwino lomwe cimene kalabu ya ku England iyenera kucita ndi ndalama zake.

Kukamba za mpira sikolakwa, ndipo kumaticezetsa ndi anthu amene sitikanalankhula nao n'komwe. Koma anzanga, makambidwe athu ali ndi cilema. Timafunsa mafunso awiri okha, la dzina la kalabu ndi la mtengo, ndi kuiwala funso limene tsogolo la mnyamatayo lagonapo: kodi akafika kumeneko akasewera, kapena akakalamba pa benchi?

Akulu athu akumbukira Collins Mbesuma. M'nyengo ya 2004/05 iye anagoletsa zigoli 25 mu ligi ya ku South Africa ali ku Kaizer Chiefs, ndipo timuyo inatenga cikho ca ligi. Mu 2005 Portsmouth ya ku England inamugula, dziko lonse lino ndi kuomba m'manja. Koma kochi amene anamulandira, Alain Perrin, anacotsedwa nchito mu November caka comweco. M'malo mwake munalowa Harry Redknapp, amene nkhawa yake inali yopulumutsa timu kuti isatsike ligi, ndipo mu January 2006 anagula osewera a kumtima kwake, mmodzi wa iwo ndiye Benjani Mwaruwari wa ku Zimbabwe, wosewera kutsogolo monga Mbesuma. Mbesuma anasewera masewero anai okha a ligi popanda cigoli, kenaka anabwereketsedwa ku Marítimo ku Portugal. Ife kuno tinaweruza msanga kuti mpira wa ku Ulaya wamukulira. Komatu m'nyengo ya 2015/16, ali ndi zaka 32, munthu yemweyo ndiye anagoletsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya ku South Africa, ali ku Mpumalanga Black Aces. Mwendo wake sunaiwale nchito. Cimene cinasowa ku Portsmouth ndi mpata.

Zofananazi zinacitikira Emmanuel Mayuka. Mu 2012, pamene Chipolopolo inatenga cikho ca Africa ku Libreville, iye ndiye anagoletsa cigoli cimene cinagwetsa Ghana m'masewero otsegulira njira ya ku fainolo, ndipo analandira mphoto ya wogoletsa zigoli wopambana. Mu August caka comweco anacoka ku Young Boys ya ku Switzerland, kumene anali kusewera ndi kugoletsa, napita ku Southampton. Kumeneko anapeza Rickie Lambert ndi Jay Rodriguez atakhala kale pamalo ake. Mu January 2013 kochi amene anamugula, Nigel Adkins, anacotsedwa. Mayuka sanagoletse ngakhale cigoli cimodzi mu Premier League, ndipo anabwereketsedwa ku Sochaux ku France. Tsiku limene anasaina tinavina, koma ndani wa ife anafunsa kuti pamalo ake pali anthu angati? Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ziwirizi zikutionetsa kanthu kamene masapota sitiwerengera. Wosewera watsopano amadalira munthu amene anamufuna. Munthuyo akacoka, mlendo uja amatsala ngati mwana wamasiye pakhomo la eni, ndipo kochi watsopano amene akuopa kucotsedwa nayenso alibe nthawi yophunzitsa mlendo. Kalabu ikakhala yaikulu ndi yodzala mantha, mpata wa mnyamata wocokera ku Zambia umacepa.

Tsopano tione njira ina. Kalusha Bwalya anacoka ku Mufulira Wanderers mu 1985 kupita ku Cercle Brugge, timu ya ku Belgium imene ambiri kuno sanali kuidziwa. Anakhalako zaka zinai, akusewera sabata ndi sabata. Ali kumeneko anagoletsa zigoli zitatu pamene Zambia inakwapula Italy 4-0 ku Olympics ya ku Seoul mu 1988, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa. Pamene PSV Eindhoven inamutenga mu 1989, iye anafika ngati munthu wodziwa kale cisanu, zakudya ndi mathamangidwe a mpira wa ku Ulaya, nakatenga nao cikho ca ligi ya ku Netherlands kawiri.

Patson Daka anayenda njira yonga imeneyi. Kucokera ku Kafue Celtic, mu 2017 anapita ku FC Liefering, timu ya mu ligi yaciwiri ya ku Austria imene ndi nazale ya Red Bull Salzburg. Kunena zoona, dzina lakuti Liefering silikoma kukamba pa gulu. Palibe amene amagula malaya ake pa msika wa Kamwala. Koma kumeneko n'kumene anaphunzira nchito. Caka comweco anagoletsa m'fainolo ya UEFA Youth League pamene Salzburg inagonjetsa Benfica 2-1. Atakwera ku timu yaikulu sanakhale mfumu tsiku lomwelo ai. Anadikira, ndipo mu 2019 anali kulimbirana malo ndi Erling Haaland. M'nyengo ya 2019/20 anagoletsa zigoli 24 mu ligi, m'nyengo yotsatira 27. Leicester City inamugula mu 2021 pa mapaundi oposa 20 miliyoni, patapita zaka zinai ndi theka cifikire ku Austria. Salzburg yomweyi ndiyo inakonza Sadio Mané ndi Naby Keïta asanapite ku makalabu akulu. Ndi kalabu imene imapeza phindu mwa kuseweretsa acinyamata ndi kuwagulitsa, motero kupatsa mnyamata mpata ndiyo bizinesi yake.

Tiyeni tiganizire pang'ono cimene mau akuti "kuzolowera" atanthauza, pakuti timawakamba mopepuka. Mnyamata wa zaka 18 wokulira ku Kafue afika ku Austria pakati pa cisanu. Dzuwa lilowa nthawi isanakwane 17:00. M'sitolo, m'basi ndi m'cipinda cosinthira zovala anthu akukamba Cijeremani. Nsima palibe, ndipo cakudya cimene adya camuyezera dokotala wa timu. Akacoka ku maphunziro abwerera m'nyumba ya zii, mopanda amai, mopanda mng'ono womutuma, mopanda mnansi wogogoda kudzapempha mcere. Pa bwalo napo zinthu n'zina. Kwao anali kuimirira kutsogolo kudikira mpira, koma ku Salzburg wosewera kutsogolo ndiye woyamba kuthamangitsa adani mpira ukatayika, ndipo akacedwa ndi kamphindi kamodzi timu yonse yatseguka. Zonsezi aziphunzire pa nthawi imodzi, kwinaku abale kumudzi akuimba foni kufunsa za ndalama za sukulu ndi za feteleza. Ndiye ife, titakhala pa mpando ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, tinena pambuyo pa masewero atatu kuti ndalama zaonongeka. Kodi ndi cilungamo cimeneci?

Daka anali ndi mwai umodzi umene Mbesuma ndi Mayuka analibe. Mu 2017 momwemo mnzake wa ku Kafue Celtic, Enock Mwepu, anamutsata ku Salzburg. Anali awiri okamba cinenero cimodzi, odziwa nthabwala zimodzi, ndipo wina akagwa mphwayi mnzake analipo. Zinthu zotere sizilembedwa pa mtengo wa wosewera, koma zimalemera kwambiri.

Tisaname kuti njira ya pang'onopang'ono imatsegula makomo onse. Daka anayamba bwino ku England. Mu October 2021 anagoletsa pamene Leicester inagonjetsa Manchester United 4-2, nakhala Mzambia woyamba kugoletsa mu Premier League, ndipo patapita masiku anai anamwetsa Spartak Moscow zigoli zinai yekha. Koma anapeza Jamie Vardy ali mwini malo, ndipo nthawi zambiri anali kulowa masewero ali pafupi kutha. Leicester inatsika ligi mu 2023, inakwera mu 2024, inatsikanso mu 2025. Ife amene tinamucha mfumu mu October uja ndife omwe tinayamba kumunyoza. Koma taonani kusiyana kwake ndi a Mbesuma: iye anafika ku England ali ndi zikho za ku Austria, atasewera mu Champions League, ali ndi dzina limene benchi silingafafanize.

Cilema cathu cina ndi kufulumira kuveka ana zisoti zacifumu. Mu March 2017 timu yathu ya osapitirira zaka 20, motsogozedwa ndi Beston Chambeshi, inagonjetsa Senegal 2-0 pa bwalo la Heroes mu Lusaka ndi kutenga cikho ca Africa. Ku World Cup ya msinkhu umenewo ku South Korea inagwetsa Germany 4-3, ndipo inaturutsidwa ndi Italy itafika pa matimu 8 otsiriza. Tinati onsewo ndi a Kalusha atsopano. Koma mwana wopambana pa zaka 19 akali ndi mitsinje yambiri yoti aoloke, ndipo aliyense amaoloka pa nthawi yake. Fashion Sakala wa ku Chipata anadzera ku Nchanga Rangers ndi Zanaco, napita ku timu yaciwiri ya Spartak Moscow ku Russia, kumene ambiri tinamuiwala. Mu 2018 anasamukira ku Oostende ku Belgium, ndipo atasewerako zaka zitatu Rangers ya ku Scotland inamutenga mu 2021. Tikanamuweruza ali ku Russia tikanati watha. Nanga anzake ena a m'timu ija amene maina ao sitiwachulanso, kodi timawafunsa kuti ali kuti? Tinawakweza pamwamba ndi pakamwa pathu, ndipo pamene anacedwa kufika kumene tinawalonjeza tinatembenukira kwa ana ena.

Alongo athu naonso atipatsa phunziro. Racheal Kundananji anacoka ku Indeni Roses kupita ku BIIK Kazygurt ku Kazakhstan mu 2019. Ndani wa ife akanasangalala kumva kuti mlongo wake wapita kukasewera ku Kazakhstan? Koma kumeneko anasewera ndi kugoletsa, napita ku Eibar ku Spain, kenaka ku Madrid CFF, ndipo mu February 2024 Bay FC ya ku America inamugula pa madola oposa 700,000, mtengo umene pa nthawiyo unali waukulu kuposa wa wosewera wamkazi aliyense pa dziko lapansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo pali Enock Mwepu. Brighton inamugula mu 2021, ndipo mu October caka comweco anagoletsa cigoli cokongola pa bwalo la Anfield pamene timu yake inalepherana ndi Liverpool 2-2. Mu September 2022 anadwala ali pa ulendo wopita ku Mali kukasewerera dziko lake. Madokotala anapeza kuti ali ndi matenda a mtima a kumtundu, ndipo pa 10 October 2022 anasiya mpira ali ndi zaka 24. Dzulo lake tinali kukangana kuti adzagulidwa ndi timu iti ndipo pa mamiliyoni angati. Tsiku limenelo tinakumbukira kuti amene timamuika pa sikelo ngati thumba la cimanga ndi mwana wa munthu, wokhala ndi thupi limene limadwala ndi banja limene limalira.

Makambidwe athu safika ku Leicester kapena ku Brighton, koma amafika m'makutu a ang'ono athu amene akusewera opanda nsapato m'mabwalo a fumbi a ku Matero, ku Chawama ndi ku Kapata. Mwana akamamva tsiku ndi tsiku kuti wopambana ndi yekhayo wopita ku England, amanyoza timu ya m'dera lake, amasiya sukulu, ndipo amakhala nyama yofewa kwa munthu aliyense wobwera ndi lonjezo la ulendo wa ku Ulaya akalipira ndalama. Tiyeni tiwauze zoona. Malamulo a FIFA saloleza mwana wosakwana zaka 18 kusamutsidwira ku kalabu ya dziko lina, kupatulapo pa zifukwa zowerengeka. Wosewera aliyense wopita kunja ayenera kukhala ndi cikalata cosamukira codzera ku FAZ. Ndiponso akagulitsidwa kucoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa makalabu amene anamulera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Ici cikutanthauza kuti mwana wolembetsedwa bwino ku timu yaing'ono ya kwao amathandiza timuyo ngakhale atapita kutali. Wodzera njira ya cidule amataya zonsezi.

Kuzolowera sikuli ku Ulaya kokha. Mnyamata wa ku Petauke akasaina ku Nkana kapena ku Power Dynamos, nafika ku Kitwe kumene onse akukamba Cibemba, nayenso ndi mlendo. Ngakhale pa timu ya gulu lathu, watsopano akataya mpira kawiri timamuturutsa ndi kumuseka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nthawi yogula osewera ikadzafikanso ndipo mnzanu akadzabwera akuthamanga ndi nkhani yakuti uje wasaina, musafulumire kufunsa za mamiliyoni. Mufunseni kuti pamalo ake pali ndani, kochi amene wamufuna ndi wokhazikika motani, ndiponso ngati kumeneko kuli munthu womulandira. Ndipo akayamba kusewera, mupatseni nyengo yathunthu musanatsegule pakamwa.